Ukatswiri wa Woimba Clarinet mu Concerto ya Mozart

Mozart, wolemba nyimbo wotchuka wa ku Austria, analemba concerto yake (nyimbo imene woimba chida mmodzi amatsogolera gulu la oimba zida) ya clarinet, chida chouzira chooneka ngati chitoliro, mu October 1791, patatsala miyezi iwiri yokha kuti amwalire ali ndi zaka 35, ndipo anailembera bwenzi lake Anton Stadler, amene anali katswiri wa chida chimenechi mumzinda wa Vienna. M'kalata ina yopita kwa mkazi wake Constanze kumayambiriro kwa mwezi womwewo, Mozart anatchula kuti anali atatsala pang'ono kumaliza kukonza gawo lomaliza la nyimbo ya Stadler. Nyimboyi imatenga pafupifupi mphindi 30 ndipo ili ndi magawo atatu, loyamba lofulumira, lachiwiri lodekha ndi lachitatu lovinitsa. Sabata yathayi ndinaionera pa YouTube mayi wina akuiimba pamodzi ndi okestra, lomwe ndi gulu lalikulu la oimba zida zosiyanasiyana, ndipo popeza ojambula anayandikitsa kamera kwambiri, ndinatha kuona zinthu zimene munthu wokhala kumbuyo kwa holo sangazione.

Choyamba chimene ndinaona ndi chakuti mayiyo anadikira nthawi yaitali asanaimbe. Okestra ndiyo imayamba, n'kutchula nyimbo yonse ya gawo loyamba kwa mphindi pafupifupi ziwiri, ndipo nthawi yonseyo iye anangoima, akunyowetsa ndi milomo kachidutswa ka bango komangiriridwa kukamwa kwa clarinet. Mawu onse a chida chimenechi amachokera pa kabango kameneko, kamene kamanjenjemera mpweya ukamadutsa, ndipo kakauma kapena kukhota pang'ono chabe, ngakhale katswiri wamkulu amatha kutulutsa mawu olira ngati chitseko chakale. Atayamba kuimba, masaya ake sanatupe ndipo mapewa sanakwere. Mpweya unkachokera pansi pa chifuwa, ndipo zala zinkangonyamuka pang'ono kwambiri pamwamba pa mabowo ndi timakiyi tasiliva.

Anthu ambiri akamva za ukatswiri amayembekezera liwiro, ndipo liwiro lilipodi m'nyimboyi, koma ine ndimaona kuti chovuta chenicheni chagona pena. Clarinet ili ndi mawu a mitundu yosiyana kwambiri: pansi pake imamveka mozama ndi mwamdima pang'ono, pomwe pamwamba pake imawala ngati mawu a mtsikana woimba soprano. Mozart ankadziwa zimenezi bwino lomwe, choncho amachititsa woimbayo kudumpha kuchoka pamwamba kufika pansi penipeni mwadzidzidzi, n'kubwereranso, kotero kuti womvera amakhala ngati akumva anthu awiri, wina akutsogolera nyimbo wina akuvomera. Kuti zimenezi zimveke bwino, woimbayo ayenera kusintha mphamvu ya mpweya ndi kakhalidwe ka lilime m'kanthawi kochepa kwambiri popanda kudula mzere wa nyimbo. Mayi ameneyu anachita zimenezi mosaonetsa kuti akulimbana nazo, ndipo mawu apansiwo anawapatsa kulemera kwake osawafuulitsa.

Chida chimene anagwira chinali chachitali kuposa clarinet wamba, ndipo apa pali mbiri yofunika kuidziwa. Stadler ankaimba clarinet yapadera, imene masiku ano imatchedwa basset clarinet, imene anapanga mothandizana ndi mmisiri wa ku Vienna dzina lake Theodor Lotz, ndipo inkatha kutsika manoti anayi kupyola pamene clarinet wamba imalekezera. Mozart analemba nyimboyi ndi manoti apansiwo m'maganizo. Mapepala amene iye analemba ndi dzanja lake anasowa, ndipo pamene nyimboyi inasindikizidwa cha m'ma 1801, osindikizawo anakweza manoti onse amene clarinet wamba sikanawafikira. Nyuzipepala ina ya nkhani za nyimbo ya ku Leipzig inatchula kusintha kumeneku mu 1802, komabe kwa zaka zoposa 100 anthu anapitiriza kumva nyimbo yokonzedwayo. Akatswiri a m'zaka za m'ma 1900 ndiwo anayamba kupangitsanso chida chachitalicho ndi kubwezeretsa manotiwo, ndipo oimba monga Sabine Meyer wa ku Germany anathandiza kuti anthu azolowere kuimva motero. Kusiyana kwake kumamveka ngakhale kwa munthu wosaphunzira nyimbo, chifukwa pa clarinet wamba mzere wotsika umathyoka pakati n'kubwerera pamwamba, pomwe pa chida cha Stadler umatsika mpaka kukafika pamene unkapita.

Okestra nayo iyenera kuyamikiridwa, ngakhale kuti ntchito yake ndi yodzichepetsa. Mozart sanaikemo ma oboe, malipenga aphokoso kapena ng'oma; anasankha zitoliro ziwiri, ma bassoon awiri ndi ma horn awiri (zida zouzira za mawu apansi ndi ofewa) ndi zoimbira za nsambo monga vayolini, kuti pasakhale chida chopikisana ndi clarinet pa kuthwa kwa mawu. Wotsogolera gululi ankayang'ana kwambiri chifuwa cha mayiyo kuposa mapepala ake, kuti adziwe pamene akokere mpweya ndi kuchedwetsa gulu lonse pang'ono chabe.

Gawo lachiwiri, lotchedwa Adagio, ndilo limayesa woimba kuposa ena onse, ngakhale kuti manoti ake ndi ochepa ndipo wophunzira wa zaka zochepa angathe kuwawerenga. Mzere uliwonse ndi wautali, ndipo uyenera kutha ndi mpweya umodzi popanda mawu kugwedera kumapeto. Clarinet ikaimba mzere, okestra imaubwereza mokweza, ndipo woimbayo amapezako mpata wopuma. Nyimbo yoyambayo ikamabweranso kachiwiri, akatswiri ambiri amaiimba motsitsa kwambiri, ndipo clarinet imaposa zida zina zouzira pa luso limeneli loyamba mawu pang'onopang'ono popanda kugunda. Pano ndili ndi kadandaulo: mayiyo anatsitsa mawu mopyola muyezo moti mavayolini anachita kumuphimba kwa kanthawi, ndipo ndinaona ngati cholinga chinali kudabwitsa omvera osati kutumikira nyimbo. Amene akufuna zodabwitsa angazipeze zochuluka m'ma concerto awiri amene wolemba nyimbo wa ku Germany Carl Maria von Weber analembera woimba clarinet Heinrich Baermann mu 1811, mmene zala zimathamanga mosabisa. Mozart sanasiye n'komwe malo aakulu oti woimba adzionetsere yekha okestra itakhala chete.

Gawo lachitatu linayenda mwansangala monga liyenera, ndipo sindinenapo zambiri kupatula kuti lilime la mayiyo linkadula manoti ofulumira mwaukhondo kufikira kumapeto.

Chida chakudacho chinandikumbutsa chinthu china chimene ambiri kwathu sachidziwa. Ma clarinet ambiri a akatswiri masiku ano amapangidwa ndi mtengo wa phingo, womwewo umene osema ziboliboli amaufuna, ndipo wambiri umadulidwa ku Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Mtengowu ndi wolimba, wolemera moti umamira m'madzi, sulowa chinyezi msanga, ndipo umatenga zaka zambiri kuti ukhwime. Kuyambira mu 2017 malonda ake pakati pa mayiko amayendera zilolezo za pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yoti zingathe. M'nthawi ya Stadler ma clarinet ankapangidwa kawirikawiri ndi mtengo wopepukirapo wachikasu wotchedwa boxwood, ndipo anali ndi timakiyi tochepa, choncho mawu amene anthu oyamba kumva nyimboyi anamva anali ofewa ndi ang'ono kuposa amene phingo amatulutsa m'maholo aakulu a lero.