Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chilimwe cha bawo ku Area 25

M'gawo lapitali ndinalekezera pa tsiku limene tinalandira malipiro omaliza ku Kanengo. Kapitawo wathu sanachulutse gaga m'diwa. Anangoti, "Anyamata, mabelo atha. Tidzaonana sizoni ya mawa Mulungu akalola." Munali mu Seputembala 2009, mwezi womwe Bingu wa Mutharika anapitikitsa m'dziko muno akuluakulu ena a makampani ogula fodya, ati chifukwa cha mitengo yolira nayo alimi. Nkhaniyo inali m'kamwam'kamwa m'maminibasi monse, koma kwa ife onyamula mabelo sinasinthe kanthu. Fodya ndi wa nyengo. Msika umatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo kutentha kukamayamba, ntchito ya ife aganyu imakhala ikutha.

Ndinabwerera kwa malume ku Area 25 ndili ndi envelopu m'thumba komanso miyezi isanu ndi iwiri yopanda kolowera.

Kwathu ku Dowa chilimwe sichisowetsa munthu chochita. Kukacha ukasosa, apo ayi uli pa chikombole kuumba njerwa, kapena ukufolera nyumba mvula isanakupeze. Masana anyamata ali m'lupsa ndi makasu kukumba mbewa. Loweruka lililonse kwinakwake kuli ukwati, chiliza kapena gule. M'tauni zonsezi kulibe. Malume ankalawirira kuntchito, ana kusukulu, ine n'kutsala ndi nyumba ya malata yopanda siling'i. Ikamakwana 9 koloko m'nyumbamo simunkakhalikanso. Malata ankalira thetheee ngati wina akuwaponda, nyenje zili pakamwa yasa m'mitengo, kavuluvulu akunyamula majumbo ndi fumbi lofiira n'kukazikhuthulira pa zovala zimene azakhali ayanika kumene. Amene anakhalako mu Lilongwe mwezi wa Okutobala akudziwa chimene ndikunena.

Masabata awiri oyamba ndinawathera mu vidiyo ku Nsungwi. Kanali kachipinda kotsekedwa mazenera ndi mapepala akuda, mabenchi asanu ndi limodzi, fungo la thukuta ndi chimanga chootcha. M'mawa mafilimu a karati, masana a ku Nigeria, Loweruka ndi Lamlungu mpira wa ku England, ndipo tsiku la mpira mtengo unkakwera. Magetsi akazima filimu ili pakati, ndalama sankabweza. Potuluka mmenemo ndinkadutsira pa pulu, kumene anyamata ozolowera ankandilola kupambana gemu yoyamba kuti andidye bwino zitatu zotsatira. Ndinachedwa kuzindikira.

Malume si munthu wokalipa. Tsiku lina madzulo tikudya anangofunsa, "Mphwanga, ndalama ija ndi yoti ikufikitse Epulo. Wawerenga miyezi?" Sindinayankhe. Nsima inangondikhala pakhosi.

Chimene chinanditulutsa mu vidiyo ndi buluku long'ambika. Ndinapita nalo kwa bambo wina wosoka zovala amene aliyense ankangomutchula kuti a Telala. Kwawo kunali ku Nkhotakota, ndipo makina awo a Singer opalasa ndi mwendo ankakhala pakhonde la golosale ina. Patsogolo pa khondelo panali mtengo wa mango, pansi pake benchi, zidina ziwiri za njerwa, ndi bawo.

Bawolo ndimalionabe m'maso mpaka lero. Linali lakuda bii ndi manja a anthu, m'mphepete mosalala ngati mpini wa khasu lakale, ngodya imodzi yomangidwa ndi kachitsulo. Maenje 32, mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, iwiri yako iwiri ya mnzako, ndipo mumzere wakutsogolo wa aliyense muli dzenje limodzi la ngodya zinayi, nyumba. Nkhomo 64, zotuwa, zolimba ngati miyala. A Telala ankaziwerenga m'mawa pozitulutsa m'chitini ndi madzulo pozibwezera.

Ine kumudzi ndinali katswiri wa ntchuwa, ya maenje okumba pansi ndi timiyala. Ndiye nditaona madala awiri akusewera ndinati mumtima, izi n'zomwezija. Buluku likusokedwa, ndinapempha malo.

"Umalitha, mwanawe?"

"Pang'ono, madala."

Anasiya makina, n'kupukuta manja pa nsalu, n'kukhala pa chidina. Sindikudziwa ngati panatha mphindi zisanu. Dzanja lawo linkangozungulira, kutola apa, kufesa, kudya zanga, kubwereranso, kudyanso, ine maso ali tong'o kudikira kuti kodi agona liti, kutanthauza kuti dzanjalo liima liti. Pamene ankagona, mzere wanga wakutsogolo unali mbee, ndipo pa bawo mzere wakutsogolo ukatha ndiye kuti watha ndiwe. Anadzuka osanena kanthu n'kukamaliza chigamba chija. Mlonda wina amene ankaonerera ndi amene anandipepesa: "Musadandaule achimwene, tonse tinabatizidwa chomwechi."

Mawa lake ndinabweranso, ndipo mkuja wakenso. Pa bawo salipiritsa, mthunzi ndi waulere, ndipo kwa munthu amene akuwerenga miyezi zimenezi si zazing'ono.

Anthu a pamtengo paja anali a mitundumitundu. Mlonda uja ankagwira ntchito usiku ku Area 47, ndiye masana onse anali ake, ngakhale kuti nthawi zina ankasinza nkhomo zili m'manja. Panali bambo wina wopuma pantchito ya boma, amene anasamukira ku Lilongwe limodzi ndi likulu lenilenilo pochoka ku Zomba mu 1975, ndipo sankatopa kutiuza kuti pamene tikukhalapa panali tchire lokhalokha. Tinkawatchula kuti a Kalaliki. Panalinso wakabaza amene ankaimika njinga dzuwa likafika paliwombo, poti nthawi imeneyo palibe wokwera, ndi mnyamata wogulitsa mayunitsi. Lamulo linali lakuti woluza adzuke, wina akhale. Lamulo lina linali lakuti woonerera asalankhule, koma limeneli silinasungidwepo ngakhale tsiku limodzi.

Kusiyana kwa bawo ndi ntchuwa yakwathu ndinayamba kukuona nditaonerera masiku ambiri. Poyamba nkhomo zambiri zimakhala kunja, ndipo ulendo uliwonse umaponyamo imodzi. Ngati dzenje limene waponyamo layang'anizana ndi la mnzako lokhala ndi nkhomo, wadya, ndipo zodyedwazo suziika pambali ayi, umazifesa kumbali yako kuyambira kumapeto kwa mzere. Ndiye chuma cha mnzako chimasanduka chako pompo, n'kuyambanso kumuluma mwini wake. Ngati palibe chodya, umangotakata, ndiko kufesa zako osadya kanthu. Nyumba ija umaisunga kuti inenepe, n'kudzaiphwasula pa nthawi yake. Ukafulumira waononga, ukachedwa mnzako akudyera yonse. Zonsezi zimafuna kuwerenga mumtima maulendo atatu, anayi, asanu kutsogolo dzanja lisanagwire kanthu. A Telala ankawerenga uku akulowetsa ulusi pa singano.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachita nacho manyazi, koma poti ndinalonjeza kuti mbiriyi ndiilemba yonse, nachi. Tsiku lina ndikusewera ndi wakabaza, ndinaona kuti ndikafesa bwinobwino nkhomo yanga yomaliza igwera m'dzenje lopanda kanthu, ndigona, iye andidya nyumba. Ndiye pofesa ndinagwetsa ziwiri m'dzenje limodzi, mwachangu, chala chikubisa. Wakabaza sanaone. Oonerera sanaone. Makina a Singer anangosiya kulira.

"Mwanawe, bweza imeneyo."

Sanadzutse n'komwe mutu. Anamva ndi khutu kuti kagwedwe ka nkhomo kasiyana. Ndinabweza, manja akunjenjemera, wakabaza n'kundidya nyumba monga zinayenera kukhalira. Palibe anaitchulanso nkhaniyo, ndipo kusatchulako ndi kumene kunandipweteka kwambiri.

Tsiku lokhalo limene bawo linaima dzuwa likanali m'mwamba linali Loweruka pa 10 Okutobala. Flames ya Kinnah Phiri inkasewera ndi Ivory Coast pa Kamuzu Stadium ku Blantyre. Mlonda anabwera ndi kawailesi kake komangidwa ndi mphira, tinakakoleka pa nthambi ya mango. Anthu anadzaza mpaka mumsewu. Gemu ya bawo inali pakati, a Kalaliki ndi a Telala, ndipo anagwirizana kuti aisiye mmene ilili adzaimalize mpira ukatha. M'chigawo chachiwiri Jacob Ngwira anagoletsa. Sindikudziwa mwendo wa ndani unagunda bawo, koma linagudubuzika, nkhomo zonse balala m'fumbi, ife tikudumpha, a Kalaliki atakumbatirana ndi mnyamata wa mayunitsi amene dzulo lake anamunena kuti ndi wakuba. Tisanakhale n'komwe pansi Didier Drogba, amene anali atangolowa kumene, anabweza. Mpira unatha 1-1, ndipo kwa ife kufanana mphamvu ndi timu ngati imene ija kunali ngati kupambana.

Kenako inayamba ntchito yotolera nkhomo. Tinaitana ana, aliyense wotola zisanu alandira switi. Mpaka mdima tinapeza 63. A Telala anafufuza m'chitini cha zosokera n'kutulutsa batani lalikulu la jekete, lakuda, n'kuliponya m'dzenje. Kuyambira tsiku limenelo batanilo linali nkhomo ngati zinzake, ndipo aliyense wolidya ankati wadya Drogba.

Ndisanamizire kuti onse kunyumba ankasangalala ndi bawo langali. Azakhali, akazi awo a malume, ankati ndi ntchito ya alesi, ndipo ndikaganiza lero sankalakwa kwenikweni. Nthawi yopuma imene ndikuikamba pano inali ya ife amuna. Iwo chilimwe chinali nyengo ya bizinesi: usiku kuphika thobwa ndi kumanga mafilizesi, m'mawa kukawasiya pageti la sukulu, kwinaku madzi akungotuluka m'bandakucha, ndiye 4 koloko ali kale pa mpopi ndi zigubu. Mpumulo wawo unali kukhala pamphasa Lamlungu masana mnzawo akuwaluka tsitsi, kapena kwaya Lachinayi, kapena chinkhoswe cha mwana wa mnansi kumene ankavina mpaka chitenje kumasuka. Pa Tsiku la Anakubala anthu a mumzere wathu anachita hayala minibasi kupita kunyanja ku Senga Bay, monga amachitira anthu a mu Lilongwe chaka ndi chaka, poti Salima ndi pafupi. Azakhali anakana. Anati tsiku lotentha chotero, la tchuthi, ndi pamene mafilizesi amatha msanga. Ine ndi amene anandisenzetsa chikulaboksi, ndipo ndinazungulira nacho 25 yonse, A, B mpaka C. Kuchokera pamenepo tinapangana kuti zigubu za m'mawa zikhale zanga, ndipo mawu oti alesi anachepako.

Asuweni anga aang'ono ndiwo analibe vuto ndi dzuwa. Akaweruka kusukulu, anyamata ali pa chikulunga m'fumbi opanda nsapato kapena akukhoma galimoto za mawaya, atsikana pa fulaye ndi phada, kenako onse pamodzi kukagenda mango osapsa, mchere ndi tsabola zili m'kapepala. Masiku ano ndikadutsa ku 25 ndimaona anyamata a msinkhu umene ndinali nawo atawerama pa foni, ena ali pamzere wobetcha mpira. Sindiwaweruza, chifukwa ine ndemwe envelopu yanga inatsala pang'ono kuthera pa pulu. Kungoti foni sikupatsa a Kalaliki okhala nawo benchi limodzi.

Gemu yanga yoyamba kupambana inabwera mu Novembala, sabata yomwe Flames inapeza malo ku mpikisano wa Africa wa ku Angola, koyamba chichokereni 1984. Ndinagonjetsa mlonda, ndipo sanali kusinza. Ndinaona ulendo wotola ndi kufesa kanayi, ndinauwerenga kawiri mumtima, n'kuphwasula nyumba yanga. Dzanja linayenda ndendende mmene ndinawerengera mpaka linakadya Drogba kumapeto. A Telala anangoti "Eya," n'kupitiriza kupalasa makina.

Masana a tsiku lomwelo kumwamba kunada cha ku Dowa. Mphepo inayamba, masamba a mango akugwera m'maenje, kenako madontho akuluakulu a chizimalupsa, ndi fungo lija la dothi limene limakukumbutsa kuti kumudzi anzako akonzeka kubzala. Tinathawitsira bawo pakhonde, tonse kuthinana pafupi ndi makina. Mmenemo ndi mmene a Kalaliki anandifunsa.

"Kodi iwe wa ku Dowa, sukulu unalekeza pati?"

"Folomu 4, bambo. Koma masamu ndi amene anandigwetsa."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Masamu? Iwe amene wawerenga maenje onse aja osagwira nkhomo?" Atapuma anati mlamu wawo ali ndi shopu ya zipangizo zomangira ku Malangalanga, ndipo akusowa mnyamata wowerenga katundu, chifukwa amene analipo matumba a simenti ankamuthawa m'manja. Anandiuza kuti ndikafike Lolemba 7 koloko, nditavala malaya a kolala.

Malaya a kolala ndinalibe. A Telala anatulutsa ena oyera amene mwini wake sanabwere kudzawatenga chichokereni Isitala, anandiyesa m'mapewa ndi tepi, n'kuwabweza m'mbali mvula ikugwabe. Anati ndidzalipira ndikalandira. Za ku Malangalanga, ndi za mmene ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito sabata yoyamba chifukwa cha misomali ya mainchesi anayi, ndidzakuuzani m'gawo 10.