Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Wotanthauzira wa ku Dondo

M'gawo lapita ndinakusiyani pa chipata cha Marka, m'malire a Malawi ndi Mozambique, chikwama chili kumsana. Tinaoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, ulendo wa ku Dondo, kufupi ndi Beira. Apa n'kuti namondwe wa Idai, amene anawomba Beira usiku wa pa 14 March 2019, atapha anthu oposa 600 ku Mozambique kokha. Mitengo inali ikadali gonegone m'mbali mwa msewu, malata atapindikapindika.

Bungwe limene linanditenga silinasamale za satifiketi yanga. Chinandipezetsa malo ndi Chisena cha kwathu ku Nsanje, chomwe anzanga a kusekondale ankandiseka nacho. Malipiro kunalibe, kupatula kangachepe ka sopo ndi ndiwo. Tinkayenda m'matenti kugawa Certeza, mankhwala othira m'madzi akumwa, poti kolera anali atabuka ku Beira. Tinkakhazikitsanso makomiti a mijigo.

Koma ntchito imene inandisula ndi yotanthauzira. Ine ndinakula wamanyazi, woyankhula ndi akulu maso ali pansi. Tsiku lina pamsonkhano, patsinde pa mtengo wa mango, mayi wina wachikulire anadzuka, n'kumanga bwino chitenje, n'kuyamba kukalipa. Anati zimbudzi zatsopanozo tazikumba kutali, kuthengo, mwakuti atsikana akuopa kupitako usiku, ndiponso palibe amene anafunsa amayi asanayambe kukumba. Anthu onse anati zii. Injiniya wathu, mzungu waulemu wake ndithu, anatembenukira kwa ine kuti amve zimene zanenedwa.

Otanthauzira ena zikatere amangoti anthu akuthokoza, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinaziona kangapo, ndipo sindiwaweruza kwenikweni: ndani amafuna kukhumudwitsa womudyetsa? Pakamwa panga panauma gwa. Komabe ndinanena zonse mmene zinalili, ngakhale pamene mayi aja anati tinabwera ndi mapepala m'manja koma makutu tinasiya kwathu.

Mzungu uja anafiira, kenaka anatulutsa kope. M'mawa mwake amayi ndi amene anatitsogolera, akuloza ndi ndodo pokumba. Sitinathe kusuntha zimbudzi zonse, ndalama zinali zitachepa, koma kuyambira pamenepo misonkhano ya amayi inkachitika payokha, ine ndi mnzanga wa ku Nhamatanda tikulemba.

Usiku umenewo ndinaimbira mayi anga. Anamvetsera, kenaka anangofunsa ngati ndikugona m'neti. Gawo likubwerali ndikuuzani mmene malungo anandigwetsera, neti ili pomwepo.