Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Fumbi la ku Jwaneng

M'gawo lapita ndinakusiyani nditapeza ntchito ya umakaniko pa galaja ina ku Gaborone, likulu la dziko la Botswana. Chaka cha 2016, Juni atangolowa, anzanga a pantchito anasiya kukamba za mpira. Pakamwa pawo panali Mantshwabisi basi. Umu ndi mmene Atswana amatchulira mpikisano wa magalimoto wa Toyota 1000 Desert Race, potengera mudzi umene unkachitikirako kale. Zaka zimenezo unali utasamukira ku Jwaneng, tauni ya mgodi wa dayamondi, m'mphepete mwa chipululu cha Kalahari.

Bwana wanga, bambo wachikulire wa ku Kanye, anangoti, "Rra, tenga mabulangete onse amene uli nawo." (Rra ndiye kuti bambo m'Chitswana.) Tinapakira matenti, nkhuni, madzi ndi nyama, n'kunyamuka kudzera ku Kanye komweko.

Anthu! Sindinaonepo khamu lotero m'tchire. Mabanja athunthu, agogo ndi zidzukulu, aliyense wakhoma tenti pansi pa mitengo yaminga, utsi wa nyama yootcha uli tolotolo, nyimbo zikulira m'galimoto iliyonse. Amayi ena oyandikana nafe atamva kuti ndine Mmalawi anandipakulira seswaa, nyama yophika mpaka kufewa kenako n'kuisinja, pamodzi ndi phaletshe, nsima yawo. Koma kuzizira kwa usiku wa ku Kalahari musakuyerekeze ndi kwa ku Dedza. Kumalowa m'mafupa. Ndinagona ndi nsapato kumapazi, ndipo m'mawa madzi a m'beseni anali ataundana pamwamba.

Mpikisanowu umatenga masiku atatu. Lachisanu amathamanga mtunda waufupi wosankhira woyamba kunyamuka, ndipo zimenezi si zamasewera, chifukwa wotsalira kumbuyo amayenda m'fumbi la anzake osaona njira. Loweruka ndi Lamlungu ndiye ntchito yeniyeni, mpaka makilomita onse akwane pafupifupi 1,000. Tinaima pamalo ena pamene njira imakhota mumchenga wakuya. Umayamba kuona helikoputa, kenako fumbi kutali, kenako mkokomo wa injini umene umaumvera pachifuwa. Vuu! Hilux yadutsa, Ford Ranger ili m'mbuyo, tonse tayera ndi fumbi ndipo tikukuwa mpaka mawu kusasa. M'galimoto iliyonse muli anthu awiri, woyendetsa ndi womuwerengera njira. Dzina limene anyamata ankalitchula kwambiri ndi la Giniel de Villiers wa ku South Africa, amene anapambana mpikisano wotchuka wa magalimoto wa Dakar mu 2009.

Komabe chimene chinandigwira mtima ine chinali kwina. Masana ndinasiya anzanga n'kupita kumene magalimoto amaima kuti akonzedwe asanabwererenso m'tchire. Ndinaima kuseri kwa chingwe osafuna kuchoka. Kunja imaoneka Hilux imene tonse timaidziwa, koma mkati ndi mapaipi achitsulo owotcherera okhaokha, injini ya V8 ya malita 5, ma shock awiri pa tayala lililonse. Galimoto ikangoima, amakaniko amaiunjirira aliyense pamalo pake. Wina ali kunsi kuyang'ana ngati pali chosweka, wina akusintha matayala, wina akuchotsa udzu wouma umene umakodwa pansi, pakuti ukakhudza ekizozi yotentha galimoto yonse imayaka. Panalibe kukalipirana, panalibe wofunafuna sipanala. Chida chilichonse chinali pamalo pake, ndipo womanga nati ankaiyeza mphamvu yake, osati kungoikoka mpaka mkono utope monga tinkachitira ku Ndirande. Mphindi zochepa zokha, woyendetsa n'kukwera osafunsa funso, n'kupereka moyo wake m'manja mwa anthu amene aja.

Misozi inalengeza m'maso. Kuyambira ndili mnyamata ndinkamva kuti umakaniko ndi ntchito ya olephera sukulu, ndipo mawuwo ndinkayenda nawo. Apa ndinaona anthu a ntchito yanga akulemekezedwa ndi khamu lonse lija.

Usiku pamoto ndinauza bwana kuti, "Bambo, ndikufuna kuphunzira ntchitoyi mpaka pansi pake, ndi mapepala omwe." Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti tikakambirane Lolemba ku galaja. Zimene anandiuza Lolembalo, ndi mmene ndinayambira sukulu ya madzulo ndili kale ndi ana, ndikusimbirani m'gawo likubwerali.