Tsiku limene foni inandikana pamaso pa apongozi

Ine ndi alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, timasiyana pa zambiri. Iwo ndi a Bullets, ine wa Manoma. Iwo amati nsima ndi ya mgaiwa, ine ndimati ya ufa woyera. Zonsezi timakangana n'kuseka, koma mkangano wa foni unatifikitsa patali: chabwino n'chiti, kutsegula ndi chala kapena ndi nkhope?

Zinayamba nditagula foni yatsopano ku Limbe. Yakale ija inali ndi batani pansi, m'mbali monse muli kwakuda, sikirini yake yochepa moti uthenga wautali ndinkawerenga mopuma. Yatsopanoyi ndi galasi lokhalokha kuchokera pamwamba mpaka pansi, kamera yakutsogolo yabisala m'kabowo kakang'ono chapamwamba. Apongozi anga atangoiona anainyowetsa ndi malovu pakabowopo n'kuyamba kupukuta ndi nsonga ya chitenje, ati ntchentche yachitapo chipongwe. Mnyamata wondigulitsa uja anali atandiuza kuti, "Bigi, iyi simuchita kuigwira, mungoiyang'ana basi." Mawu amenewo ndi amene anandidyera ndalama.

Kunyumba ku Chilomoni, mwana wanga Chisomo, wa Fomu 3, ndiye anandikonzera zonse. Anandiimika pakhomo powala, foni n'kundijambula nkhope, kenako anaika patani yokhotakhota imene chala chake chokha chimaidziwa njira. Foni ikazima n'kuyakanso imafuna pataniyo, choncho ndinkangokuwa kuti "Chisomo!" iye n'kubwera kudzajambula. Za chala anandifunsa, poti foniyo ili ndi podinda pabatani la m'mbali. Ndinakana. Ndikanalembetsa chala, alamu akananena kuti ndawagonjera.

Alamu ndi mmisiri womanga nyumba, ndipo simenti inawadya zala kalekale. Foni yawo ndi ya mtundu uja podinda pali pansi pa galasi penipeni: ukaikapo chala pamawala kuti ione mizere. Ndawaonerera kambiri akulimbana nayo. Amadinda, ikana. Amapukuta chala pathalauza, ikana. Amachiuzira mpweya, n'kuchiyang'ana mokwiya, n'kudindanso mwamphamvu mpaka galasi loteteza lija kulira. Akadya chipisi cha pachiwaya ndiye iwalani, foni imakhala yotseka mpaka apeze sopo. Koma munthu yemweyo amaima pagulu n'kunena kuti, "Chala sichinama, alamu. Ngakhale boma polemba ziphaso za unzika mu 2017 linafuna zala zathu."

"Nanga pachiphasopo anaikapo chiyani?" ndinkawafunsa. "Chala chanu kapena nkhope?"

Akasowa chonena ankathawira kutulo. Ati munthu wa nkhope akagona, mkazi angotenga foni n'kumulozetsa. Ine ndinkati wa chala akagona ndiye zosavuta, chifukwa chala sichitsinzina, pamene foni ya nkhope imafuna maso otsegula. Ndinalinso ndi manambala amene ndinawaloweza. A Apple atabweretsa kutsegula ndi chala mu 2013 pa iPhone 5s, ankati mwayi woti chala cha munthu wina chitsegule ndi umodzi pa 50,000. Atabweretsa cha nkhope mu 2017 pa iPhone X, n'kuchotsa batani lija, anati ndi umodzi pa 1,000,000. Manambala amenewa ndinkawatchula paliponse, pamaliro pomwe.

Amene ankandisokoneza ndi mwana wa alamu wamwamuna, amene amakonza mafoni ku Limbe. Mwanayu ndi waulemu, koma amadziwa zambiri zosafunika. Tsiku lina anandikokera pambali n'kunena chapansipansi kuti, "Ankolo, manambala amenewo ndi a iPhone." Anati iPhone imawaza pankhope timadontho toposa 30,000 ta kuwala kosaoneka ndi maso, n'kuyeza kuti mphuno yatuluka bwanji, maso alowa bwanji. Zipangizo zochitira zimenezo zimafuna malo, n'chifukwa chake pamwamba pa sikirini yake panadulidwa kampata kakuda kaja anthu ankakaseka. Foni ya kabowo kamodzi ngati yangayi, ati ili ndi kamera wamba, imangofananitsa chithunzi ndi chithunzi. N'chifukwa chakenso magetsi akazima usiku sikirini imayamba yawala mbee kuti ikuunikeni kaye. Anawonjezera kuti bungwe lina loona za ogula ku Britain linayesa mafoni 48 mu 2023, ndipo 19 anatseguka ndi chithunzi chosindikiza papepala.

Ndinamuyamikira chifukwa cha sukulu yake n'kumuuza kuti azilemekeza akuluakulu. Mwana wa alamu angaikire kumbuyo ndani, ngati si bambo ake?

Ndiye kunabwera chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi. Abale anandisankha kukhala msungichuma wa komiti, ndipo zopereka zonse zinkalowa mufoni mwanga. Lachisanu, mawa lake chinkhoswe, tinasonkhana kwa apongozi ku Ndirande. Anyamata akukhoma tenti, amayi akusenda anyezi ndi kusankha mpunga kuseri, tambala ndi msoti za mwambo zili m'dengu pakhonde. Dzuwa linali loswa mtengo. Cha m'ma 11 koloko anafika bambo wa mbuzi kuchokera ku Chikwawa, mbuzi ziwiri zonenepa zili pachingwe. Tinagwirizana kuti ndalama ndimutumizira pafoni, chifukwa iye sankafuna kuyenda ndi chikwama m'minibasi.

Ndinati ndiyambe ndamaliza Fanta wanga amene ndinamusiya pawindo. Sindinayang'ane m'botolo. Ndinangopendeketsa.

Abale anga, njuchi ikakuluma pamkono ndi nkhani ina. Iyi inandipeza mkati mwa mlomo wam'mwamba. Ndinalavula Fanta pa nsapato za bambo wa mbuzi, ndinalumpha, ndinatchula mawu amene mkamwini satchula pakhomo pa apongozi. Mkazi wanga anathamanga n'kudzachotsa mbola ndi chikhadabo. Amayi ena anati pakani phulusa, ena anyezi, ena mankhwala otsukira mano. Poti onse anali achikulire ndipo palibe amene tikanamukhumudwitsa, anandipaka zonse zitatu. Pasanapite nthawi mlomo unali ngati chitumbuwa, tsaya lakumanzere likutsatira, diso likutsekeka lokha.

Bambo wa mbuzi anadikira mwaulemu mpaka phokoso litachepa, kenako anatsokomola.

Ndinatulutsa foni n'kuiyang'ana mmene ndimachitira masiku onse. Kaloko kaja kanangogwedezeka. Ndinaiyandikitsa, kanagwedezekanso. Ndinapita padzuwa, ndinabwerera pamthunzi, ndinavula chipewa. Ndinayesa kumwetulira, poganiza kuti mwina Chisomo pondijambula ndinkaseka, koma kumwetulira ndi mlomo umenewo kunathawitsa kamwana kamene kanali pafupi. Ndinabisa mlomo ndi dzanja kuti ione maso okha, koma diso lenilenilo linali limodzi. Kenako foni inatopa nane n'kundionetsa timadontho ta patani, ati ndijambule. Ndinajambula chilembo cha Z. Ndinajambula cha N. Ndinajambula chinthu chimene ndinkakhulupirira kuti ndi mmene dzanja la Chisomo limayendera, foni n'kundiuza kuti ndidikire kaye.

Chisomo anali m'kalasi, kusukulu kumene salola mafoni. Wina anati titumize wa kabaza akamutenge. Mkazi wanga anati mwana wake sangatuluke m'phunziro la masamu chifukwa cha mbuzi.

Apa n'kuti anthu atasiya ntchito zonse. Okhoma tenti atsika, osenda anyezi abwera ndi mipeni m'manja, ana a oyandikana nawo ali ndanda pampanda. Alamu anafika kutsogolo, manja kumbuyo, akuyenda pang'onopang'ono. Sanaseke. Zikanakhala bwino akanaseka. Anangosuzumira foniyo, n'kundiyang'ana ine, n'kufunsa mofatsa kuti, "Alamu, paja munati umodzi pa zingati?"

Ndinafuna kuyankha, koma mawu onse a "m" ndi "b" anali atandithawa.

Apongozi anga ndi achikale, sayankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Anali m'nyumba kuseri kwa katani, koma mawu awo anamveka bwalo lonse pamene ankauza mwana wawo kuti, "Iwe, foni imene imagona naye ikumukana. Mwina ikudziwa zimene ife sitikudziwa."

Bambo wa mbuzi anayamba kumasula chingwe pamtengo wa mango. Anati iye sakukwiya, koma kumsika wa Ndirande ogulitsa nyama alipo ambiri, ndipo amalipira pompopompo osayang'ana kaye foni. Alamu anati asadandaule, alipira okha theka kuti mbuzi imodzi itsale, komiti idzawabwezera. Anatulutsa foni yawo monyadira, n'kuikweza kuti aliyense aone mmene chala chimagwirira ntchito. Anali atangochoka kogwira mapaipi a tenti opaka girisi. Anadinda, inakana. Anapukuta pathalauza, inakana. Anauzira mpweya. Kunena zoona, ululu wa mlomo unayamba wandileka kaye panthawi imeneyo. Iwo pini yawo amaidziwa, choncho anatsegula ndi manambala mobisa, koma anapeza kuti ndalama zimene zinalimo zinali zokwana miyendo ya mbuzi yokha.

Mwana wa alamu wokonza mafoni uja anatsika pamakwerero, n'kupukuta m'manja, n'kupita kwa mkazi wanga. "Anti, mufoni mwanu muli chithunzi cha ankolo? Choyang'ana kutsogolo, chowala bwino."

Chinalimo. Cha tsiku la Pepa Sande kutchalitchi, ine ndili mu suti yabuluu, nkhope yosalala, mlomo wa saizi yake. Mnyamatayo anachikulitsa mpaka nkhope inadzaza sikirini, anawonjezera kuwala, n'kupereka mafoni onse awiri kwa mkazi wanga kuti awayang'anitse. Ine ndinapukusa mutu kusonyeza kuti n'zosatheka. Foni yanga si yopusa choncho.

Kaloko kanatseguka.

Amayi anaimba nthungululu. Ana pampanda anaomba m'manja. Bambo wa mbuzi anamanganso chingwe. Munthu mmodzi yekha ndiye sanasangalale kapena kudabwa: mkazi wanga anayang'ana foni yanga, anayang'ana chithunzi chili m'dzanja lake lina, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Kodi ndi choncho?"

Pali chinthu china chimene mafoni a masiku ano amachita, chimene ndinkachitama kwa alamu ngati nzeru zapamwamba. Foni ikakhala yokiya, uthenga ukabwera imangosonyeza kuti kwabwera uthenga, mawu ake n'kubisa. Mwini wake akaiyang'ana, mawu onse amavundukuka. Ndiye poti foniyo inakhutira kuti mwini wake wa suti yabuluu wafika, inavundukula zonse m'manja mwa mkazi wanga. Pamwamba penipeni panali uthenga wa kumene ndinatenga foni, wondikumbutsa mwaulemu kuti gawo la ngongole la sabata imeneyo silinalipidwe, ndipo ndikachedwa aitseka.

Kunyumba nkhani imene inkadziwika inali yakuti foniyo ndinagula ndi alawansi ya semina ya ku Mangochi.

Mkazi wanga anawerenga uthengawo mumtima. Alamu, amene anali atasuzumira paphewa pake, anauwerenga mokweza, mawu ndi mawu, kuti ngakhale a kuseri kwa katani amve. Kenako anawerengera pa zala zawo zodyeka zija. "Ndiye foni iyi eni ake alipo atatu. Chisomo ali ndi patani, chithunzi chili ndi nkhope, a ngongole ali ndi foni. Inu alamu mumangoinyamula."

"Bambo a Chisomo, lipirani mbuzi," anatero mkazi wanga pondipatsa foniyo. "Za ku Mangochi tikakambirana ku Chilomoni."

Ndinalipira, poti pini ya ndalama yokha ndimaisunga m'mutu mwanga. Tsiku lonselo ndinkangoigwiragwira sikirini kuti isazime, mpaka mnyamata uja anandichitira chifundo n'kuisintha kuti izichedwa kugona. Ndinalipira a tenti, a mipando ndi a zoimbira ndi diso limodzi. Za ku Chilomoni usiku umenewo sindilemba pano. Ndingoti mlomo wotupa unandithandiza, chifukwa panalibe funso limene ndikanatha kuyankha.

Alamu mpaka lero amati anapambana. Ine sindikuona pamene anapambanira. Ntchito ya foni ya nkhope ndi kukana mlendo, ndipo munthu amene anaima pabwalo la apongozi tsiku limenelo, wa phulusa ndi anyezi kukamwa, ngakhale ine sindikanamutsegulira. Za chithunzizo ndi vuto la kamera yotchipa, osati la nkhope, ndipo ndikamaliza ngongoleyi ndiyamba kusungira ya timadontho 30,000 ija. Mwana wa alamu akuti imeneyonso imasokonezeka ndi mapasa. Ndamuuza kuti ine ndinabadwa ndekha.

Chinkhoswe chinayenda bwino, mbuzi zinakoma, perekaniperekani anabweretsa zoposa zimene tinkayembekezera. Ine monga msungichuma ndinakhala kutsogolo pafupi ndi mbale ya ndalama, choncho wojambula sakanandilambalala. Zithunzi zitabwera, ndili m'gulu la akuchikazi, ndili pambali pa ankhoswe, ndili kumbuyo kwa keke, ndipo paliponse mlomo uli patsogolo ine pambuyo. Ndinapempha mkazi wanga kuti azifufute mufoni mwake. Anaziyang'ana chimodzichimodzi, n'kuzifufuta zonse osatsutsa.

"Izi n'zopanda ntchito," anatero. "Sizitsegula."