Mtondo umodzi wa pabwalo

Tinayamba awiri, ine ndi alamu anga, m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ku Area 25, ku Lilongwe. Timalemba mapulogalamu a sukulu zomwe si zaboma: kalembera wa ana, kuwerengera fizi, ndi kutumiza malisiti kwa makolo pa imelo. Timalemba m'chilankhulo cha Python, pogwiritsa ntchito Django, chida chopangira mapulogalamu a pa intaneti, yomwe inabadwira kunyuzipepala ina ya ku Lawrence, ku Kansas, n'kutulutsidwa kwaulere mu 2005.

Kasitomala woyamba atabwera, ndinalemba kakhodi kotumizira imelo usiku umodzi. Wachiwiri atabwera ndinangokopera. Wachitatunso chimodzimodzi, kungosintha dzina la sukulu. Pofika wachisanu ndi chimodzi, aliyense anali ndi kakhodi kakekake, ngati kamtondo ka pakhomo pake, kena kosweka pang'ono, kena kokonzedwa, ndipo ineyo sindinkakumbukiranso kuti kabwino ndi kati.

Zinatiphulikira sabata yotsegulira sukulu. Kampani yomwe imatisungira seva inatseka poti 25, khomo lomwe maimelo athu ankatulukira, monga amachitira ambiri pofuna kuthana ndi maimelo achinyengo. Abasala a sukulu ina anaimba m'mawa: "Achimwene, makolo ali pano pa windo, akuti risiti sanalandire. Ndiwauze chiyani?" Kusamukira pa khomo lina, poti 587, n'kuyatsa STARTTLS, njira yotetezera uthenga kuti ena asauwerenge panjira, ndi mizere iwiri ya khodi basi. Koma mizere iwiriyo inayenera kusinthidwa malo asanu ndi limodzi, ndipo malo amodzi ndinaiwala. Choipitsitsa, pa sukulu ina kakhodi kanga kankabwereza kutumiza intaneti ikaduka, osayamba kaona ngati uthenga wapita kale. Bambo wina analandira risiti imodzimodziyo kanayi, n'kubwera kudzafunsa ngati amudula ndalama kanayi.

Alamu ndi amene anandikhazika pansi. "Alamu, pamudzi sagula mtondo khomo lililonse. Umodzi pabwalo, aliyense abwere ndi chimanga chake."

Chochititsa manyazi n'chakuti Django inali kale ndi njira yake, ine ndinangoidumpha chifukwa cha phuma. Muli kalasi, kutanthauza chigawo cha khodi chomwe ungamangirepo zina, yotchedwa BaseEmailBackend. Ukafuna kupanga chotumizira chako, umamanga pamwamba pake n'kulemba send_messages, yomwe imalandira mauthenga n'kubweza chiwerengero cha amene apita. Pulogalamu yonse siidziwa kuti imelo ikudutsa njira iti. Umangotchula dzina la chotumiziracho pa mzere wotchedwa EMAIL_BACKEND. Ifenso tinatengera nzeru yomweyo. Zonse zofanana tinaziika m'kalasi imodzi: kutsegula ndi kutseka kulumikizana, kudikira n'kuyesanso, kupatsa uthenga uliwonse nambala yake kuti usapite kawiri, ndi kulemba zomwe zachitika. Chotsalira kwa sukulu iliyonse ndi adiresi, pasiwedi ndi chizindikiro chake.

Inatidyera masabata atatu osalowa ndalama, ndipo palibe kasitomala anaona kusintha kulikonse pa sikirini. Ntchito yotere saiwombera m'manja.

Phindu tinaliona mu February 2024, Gmail ndi Yahoo atakhwimitsa malamulo oti wotumiza azitsimikizira kuti ndi mwinidi wa adiresi kudzera pa njira zotchedwa SPF kapena DKIM. Zambiri zinali zokonza ku DNS, kaundula wa maadiresi a pa intaneti, koma za m'khodi ndinasintha fayilo imodzi masana amodzi.

Panopa tikamayesa pulogalamu timagwiritsa ntchito chotumizira cha console, chomwe chimangolemba imeloyo pa sikirini osaitumiza. Mtsikana yemwe tamulemba ntchito chaka chino anafunsa tsiku loyamba kuti khodi ya imelo ya sukulu yatsopano ailembe pati. Alamu anangomuonetsa fayilo ija, n'kumuuza kuti alembe adiresi ndi pasiwedi, kenako apite akadye nsima.