Lipoti la miyala la Chifalansa linanditayitsa milungu itatu

Ntchito yatha tsopano, koma ndikakumbukira tsiku limene ndinatsegula zomwe anandimasulira, mtima umandiwawabe. Tinali ndi lipoti lakale la kufufuza mkuwa ku Katanga, dera la m'dziko la Congo (DRC), masamba 60 a Chifalansa okhaokha, ndipo anthu amene amafuna kuliwerenga amangomva Chingerezi. Za kupeza womasulira ndi kumutumizira fayilo sindinena, aliyense amazidziwa. Koma musanalipire kalikonse, funsani ngati munthuyo anagwirapo ntchito ya miyala. Kampani imene ndinaipatsa ntchitoyi inangoti imamasulira za sayansi zonse, ine n'kukhulupirira.

Patsamba lachitatu ndinakumana ndi mawu akuti carrots. Mu Chifalansa, carotte ndi mwala wautali wooneka ngati chubu umene makina obowola amatulutsa pansi, womwe pa Chingerezi amati core. Sondage, dzenje lobowola lija, analemba kuti survey. Izi sizinandivute kwambiri chifukwa aliyense angazione kuti n'zolakwika.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi schiste. Paliponse pamene anawapeza mawuwa, analemba schist. Komatu Chifalansa chimagwiritsa ntchito schiste ponena za miyala iwiri yosiyana: shale, wopangidwa ndi matope amene anaunjikana n'kuuma, ndi schist, mwala umene unasinthika ndi kutentha komanso kupanikizika pansi kwambiri. Mkuwa wa ku Katanga umapezeka m'miyala ya matope ija ya shale ndi dolomite, mwala wofanana ndi wa laimu. Katswiri wowerenga Chingerezi chija akanaganiza kuti tikunena za nthaka ina kotheratu, ndipo chiganizo chilichonse chinkamveka bwinobwino moti sakanakayikira.

Ndaiwala kunena za manambala, ndipo ndi amene anandidyera tsiku lathunthu. M'manambala, Afalansa amalemba chizindikiro cha koma (,) pamene Angerezi amaika kadontho. Choncho 1,250 m ndi mita imodzi ndi kota. A kampani aja anasiya chizindikirocho momwemo, ndiye mzere wa mkuwa wochindikala mita imodzi ndi pang'ono unasanduka wa mamita oposa 1000. Ndinakhala pa tebulo kuyambira m'mawa mpaka mdima, rula pansi pa mzere uliwonse, chala chimodzi pa pepala la Chifalansa, china pa la Chingerezi. Nditawaimbira foni anandiyankha kuti manambala samasulira. Nanga amaona ngati tikulipira chiyani?

Msonkhano wa pa intaneti unachitika izi zisanakonzedwe, ndipo uko nakonso kunali mavuto. Womasulira pakamwa anali waluso pa zilankhulo zonse ziwiri, koma katswiri wachifalansa akati direction ndi pendage, iye sankadziwa kuti ndi strike ndi dip, njira imene mwala wagonera ndi mmene wapendekera. Tinaimitsa msonkhano pakati. Mupatseni womasulira mapu ndi mndandanda wa mawu kudakali masiku, mukhale naye pansi ngakhale ola limodzi.

Ndipo ndibwerezenso, funsani ngati amadziwa miyala. Womasulira wachiwiri amene ndinamupeza anaphunzira geology, sayansi ya miyala, asanayambe kumasulira. Asanalembe liwu ndi limodzi lomwe anapempha mapu ndi chithunzi chosonyeza mmene miyala yasanjikizirana, kenako ananditumizira mafunso 14 okhudza schiste yekha, lililonse ndi nambala ya tsamba lake.