Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mbewa nambala 14

M'gawo lapitali ndinafotokoza momwe manja ankanjenjemerera tsiku loyamba kugwira mbewa mu labu yofufuza za ubongo. Patapita miyezi ingapo manjawo anakhazikika, ndipo anandipatsa udindo woyang'anira mbewa zochokera ku opaleshoni.

Chipinda cha zinyama chinalibe zenera. Magetsi ankayaka maola 12 n'kuzima maola 12. Mbewa zathu zinali zakuda, za mtundu wa C57BL/6, ndipo m'mawa uliwonse ndinkavala gauni ndi magolovesi n'kuyamba kuyendera makhola: madzi, chakudya, utuchi, kenako sikelo. Amayi amene ankandiphunzitsa ntchito sankalola kunyamula mbewa ndi mchira. Ankati ndiziilola kulowa yokha m'kapaipi ka pulasitiki, njira imene wofufuza Jane Hurst wa ku yunivesite ya Liverpool anaonetsa mu 2010 kuti imachepetsa mantha a mbewa.

Kafukufuku wathu anali wa hippocampus, mbali ya ubongo imene imathandiza kukumbukira malo. Mu 1971 John O'Keefe anapeza m'makoswe maselo amene amagwira ntchito pokhapokha nyama ikafika pamalo ena ake, ndipo mu 2014 analandira nazo mphoto ya Nobel pamodzi ndi May-Britt ndi Edvard Moser. Ife tinkafuna kumvetsera maselo omwewo m'mbewa, choncho ofufuza ankaika timawaya topyapyala kuposa tsitsi mkati mwa ubongo. Pa opaleshoni ine ndinali maso a mbewa. Ndinkaigoneka ndi mankhwala ogonetsa a isoflurane, kuipaka mafuta m'maso chifukwa mbewa yogona siiphethira, kuiyala pa kachipangizo kofunditsa kuti isazizidwe, ndi kuitsina kachala kakuphazi kuti nditsimikize kuti sikumva kanthu.

Nambala 14 inalowa mu opaleshoni ikulemera magalamu 27. Zonse zinayenda bwino, inalandira buprenorphine wopha ululu, inadzuka. Tsiku lotsatira sikelo inati 25, zimene sizachilendo. Tsiku lachitatu inati 23. Apo mtima unayamba kundiguguda.

Mbewa siilira ikamamva ululu, imabisa. Umayenera kuwerenga nkhope yake, monga ofufuza a ku yunivesite ya McGill ku Canada anaonetsera mu 2010: maso otsinzina pang'ono, makutu ogonera kumbuyo, ndevu zouma. Nambala 14 inali nazo zonsezi. Ubweya unali nyankhalala, msana wopindika, ndipo thonje limene ndinaiikira kuti imange chisa linali pomwepo, losakhudzidwa. Mbewa yathanzi siigona usiku wonse osang'amba thonjelo. Ndinanyowetsa chakudya n'kuchiika pansi pafupi ndi pakamwa pake, ndinaibaya madzi amchere pansi pa khungu, ndinaika theka la khola pamalo ofunda. Madzulo ndinabwereranso ngakhale nthawi yoweruka inali itakwana kale.

Tsiku lachinayi sikelo inati 21.4. Chilolezo chathu chochokera ku komiti yoona za chisamaliro cha zinyama chinkanena momveka kuti mbewa ikataya magawo 20 pa 100 a kulemera kwake, kafukufuku pa mbewayo athere pomwepo. Malire a nambala 14 anali 21.6.

Wophunzira amene anali mwini kafukufuku anabwera akuthamanga. Mwa mbewa zonse, iyi ndiyo inali ndi timawaya tokhala pamalo enieni, ndipo anali atadikira miyezi kuti apeze zoterezi.

"Achemwali, chonde, tiipatse masiku awiri okha. Mwina sikelo yalakwitsa."

Ndinaiyezanso iwo akuona. 21.4.

"Achimwene, ndikumvetsa ntchito imene mwaigwira," ndinatero, "koma tayang'anani maso akewo. Ndikuitana adokotala a zinyama."

Wophunzirayo sindikumuweruza. Nanenso ndinkafuna kafukufukuyo ayende, chifukwa zimene timaphunzira pa hippocampus zimakhudza matenda oiwalaiwala a Alzheimer, amene amayamba kuwononga mbali zomwezo za ubongo. Koma ndimakhulupirira kuti chilolezo chija ndi lonjezo limene tinapereka m'malo mwa nyama imene singadzilankhulire, ndipo woyamba kulisunga ndi amene amatsegula khola m'mawa.

Adokotala anaiyang'ana, anaigwira pamsana n'kumva mafupa, anagwedeza mutu. Anaibaya mankhwala ogonetsa ochuluka ili m'manja mwanga. Kamtima kake, kamene kamagunda kopitirira ka 500 pa mphindi, ndinkakamva pa chala changa mpaka kanaleka.

Wophunzira uja anatha masiku awiri osandilankhula. Tsiku lachitatu anabwera ndi buku langa la sikelo, n'kupempha kuti tikhale pansi tione chimene chinavuta. Tinagwirizana kuti mbewa zotsatira zizipatsidwa chakudya chonyowa masiku atatu opaleshoni isanachitike, kuti zizolowere, ndiponso kuti ndiziziyeza kawiri pa tsiku. Nambala 15 inalowa Lolemba lotsatira ikulemera magalamu 26, ndipo za iyo ndidzakamba m'gawo likubwerali.